Zolendewera zanu zikupendekeka? Yambirani pansi

Anzanga opanga zokongoletsera zolendewera, zija timakoloweka kudenga n'kumazungulira ndi kamphepo: zikamapendekeka, nthawi zambiri vuto ndi kuyambira kumwamba. Ine ndinawononga ulusi wambiri ndisanatulukire zimenezi.

Yambirani kamtengo kopingasa ka pansi penipeni. Mangani zinthu ziwiri kumapeto kwake, kakhazikeni pa chala n'kumakasuntha pang'onopang'ono mpaka kaime mosapendekeka. Chongani ndi pensulo, mangani ulusi pomwepo, koma guluu musathire kaye. Gawo lonselo muliwone ngati chinthu chimodzi, lipachikeni ku kamtengo kotsatira, n'kumakwera choncho mpaka pamwamba.

Chinsinsi chake n'chakuti mfundo ya ulusi wopachikira kamtengo imayandikira mbali yolemera. Pa kamtengo kopepuka ka masentimita 30, chinthu china chikamalemera kawiri kuposa chinzake, mfundo imagwera pafupifupi masentimita 10 kuchokera ku cholemeracho. Mukayambira kumwamba, chilichonse chomwe mwawonjezera pansi chimasokoneza zomwe munalinganiza kale.

Guluu donthezani pomaliza, zonse zitakhazikika. Potumiza kwa kasitomala, chekani timipata m'mphepete mwa chidutswa cha katoni, ulusi uliwonse ulowe m'kampata kakekake, kuti akatsegula asapeze zopiringizana.