Malonda a masekondi 30 pa TV: momwe mungayambire pa pepala musanakhudze kompyuta

Chaka chatha gulu lina la amayi opanga juwisi wa chinanazi kuno ku Mulanje linandipeza ndi pempho lakuti malonda awo aoneke pa TV, koma akhale a katuni. Ndalama zawo zinali zongokwanira masekondi 30. Ndikulemba njira imene tinatsata chifukwa achinyamata aluso lojambula a ku Chitakale ndi ku Luchenza amandifunsa kawirikawiri kuti ntchito yotereyi imayambira pati. Imayambira pa pepala ndi pensulo, kompyuta imabwera pambuyo.

Choyamba, pezani mfundo imodzi

Khalani pansi ndi eni malonda muwafunse kuti woonera akaiwala zonse atsale ndi chiyani m'mutu. Ambiri amafuna kunena chilichonse: mtengo, kukoma, ukhondo, manambala awiri a foni, ngakhale kuthokoza amfumu. Sizingakwane. Amayi aja atakambirana anagwirizana kuti mfundo yawo ndi yoti chinanazi chake n'cha konkuno, chodulidwa chitapsa. Mfundoyo muilembe pamwamba pa pepala lililonse.

Chachiwiri, jambulani mawu musanajambule zithunzi

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mawu a Chichewa ndi aatali. Chiganizo chooneka chachifupi pa pepala chimadya masekondi ambiri pakamwa, makamaka wowerengayo akamalankhula mwaulemu, osati ngati woitanira minibasi ya ku Limbe. Lembani mawu a malondawo, muwawerenge mokweza mukuyang'ana wotchi ya pa foni. Mawu athere pa masekondi 25 kapena 26, otsalawo akhale a botolo, dzina ndi nambala ya foni.

Jambulani pa foni pomwepo, m'chipinda cha makatani kapena cha matiresi kuti mawu asamveke ngati a m'chidebe. Ngati nyumba ndi ya malata ndipo kunja kuli chiperoni, dikirani. Kamvula kamene inu simukumva bwino, foni imakatola konse.

Chachitatu, pangani munthu wa m'katuniyo

Pano ndichedwapo pang'ono, poti ndi pomwe ndinachita manyazi. Munthu wathu anali mayi wothyola tiyi amene akuweruka ali ndi ludzu. Pa chithunzi changa choyamba ndinamusenzetsa dengu pamutu. Nditaonetsa gululo, mayi wina wamkulu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. “Achimwene, mwakulira kuno koma simunaonepo wothyola tiyi? Dengu limakhala kumsana, manja onse awiri ali pa masamba.” Zoona, ndadutsa m'minda ya tiyi kuyambira ndili mwana, koma sindinayang'anitsitse. Mawa lake ndinakaima m'mbali mwa msewu ndi kope, kuona m'mene malamba a dengu amagwirira m'mapewa, m'mene msana umaweramira, m'mene dzanja limaponyera masamba kumbuyo munthu osacheuka.

Choncho musajambule za m'mutu zokha. Pitani pa msika wa Limbuli kapena wa Bvumbwe mukaone m'mene anthu amamangira duku ndiponso m'mene amaimira akamanenerera mtengo.

Mukapeza munthu wanu, muyeseni chonchi: detsani thupi lonse ndi pensulo likhale ngati chithunzithunzi. Ngati mnzanu angazindikirebe kuti uyu ndi mayi wa dengu kumsana, mwakhoza. Ngati akungoona chimulu chakuda, sinthani kaimidwe kake. Kenako mujambuleni pa pepala limodzi kutsogolo, cham'mbali ndi kumbuyo, msinkhu uli chimodzimodzi, pansi pake nkhope zinayi kapena zisanu: kuseka, kutopa, kudabwa, kukhutira. Pepala limeneli ndi lomwe aliyense wokuthandizani azitsatira, kuti mayiyo asanenepe pa sekondi ya 10 n'kuwondanso pa ya 20.

Za chitenje samalani ziwiri. Cha maluwa ambiri n'chokongola, koma duwa lililonse mudzalijambula mobwerezabwereza pa chithunzi chilichonse mpaka dzanja kuwawa. Sankhani mizere ikuluikulu yochepa. Chinanso ndi mtundu. Kuno kwathu mitundu ina ya nsalu anthu amangoiona n'kuganiza za chipani, ndipo simukufuna kuti juwisi akhale ndi mbali.

Chachinayi, storyboard

Storyboard ndi nkhani yonse yoikidwa m'timabokosi, ngati zithunzi za nthabwala za m'nyuzipepala. Njirayi inakhazikika ku situdiyo ya Walt Disney ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, pomwe ankakhoma zojambula pa khoma motsatizana kuti aone nkhani isanapangidwe. Mpaka lero sinasinthe kwenikweni.

Tengani pepala la A4, jambulani mabokosi asanu ndi limodzi, lililonse masentimita 8 m'litali ndi 4.5 m'lifupi. Muyeso umenewu ukufanana ndi 16:9, maonekedwe a TV za masiku ano. Pansi pa bokosi lililonse lembani zomwe zikuchitika, mawu akumveka, ndi masekondi ake. Zojambula zisakhale zokongola. Mitu yozungulira ndi timiyendo ta timitengo n'zokwanira. Munthu akamayenda ikani muvi m'kati mwa bokosi, kamera ikamayandikira jambulani kabokosi kakang'ono m'kati mwa lalikulu.

Athu anali mabokosi 11. Loyamba linaonetsa Phiri la Mulanje chapatali, minda ya tiyi m'munsi, masekondi atatu, kuti woonera wa ku Mzuzu adziwe msanga komwe tili. Lachiwiri mayi akutula dengu. Lachitatu nkhope yake pafupi, thukuta pamphumi. Sinthanitsani chonchi, patali, pakati, pafupi, apo ayi maso amatopa. Ndipo mayiyo akayamba kuyenda cholowera kumanja, apitirize kumanja m'mabokosi otsatira. Mukamutembenuza popanda chifukwa, woonera aganiza kuti wabwerera kumunda.

Chachisanu, animatic

Iyi ndi storyboard yoyenda ndi nthawi. Jambulani bokosi lililonse ndi foni, masana pakhonde kuti pasakhale mthunzi wa dzanja. Lowetsani zithunzizo mu CapCut kapena pulogalamu ina yolumikizira mavidiyo, ikani mawu aja pansi, kenako kokani chithunzi chilichonse chitalike kapena chifupike mpaka chigwirizane ndi mawu. Palibe choyenda chenicheni, zithunzi zikungosinthana, koma mukuona kale m'mene malonda adzaonekere. Zonsezi zimatheka pa foni, ndiye magetsi akazima ntchito siima.

Chifukwa chake gawoli silodumpha n'chamasamu. TV yathu imaonetsa zithunzi 25 pa sekondi, ndiye masekondi 30 ndi zithunzi 750. Ngakhale mutamagwiritsa ntchito chojambula chimodzi kawiri, monga ambiri amachitira, mukunenabe za zojambula 375 ngati chilichonse chikuyenda. Kusintha maganizo pa animatic ndi kufufuta bokosi limodzi, pomwe kusintha mutamaliza ndi kutaya ntchito ya masabata.

Ionetseni kwa anthu osadziwa nkhaniyi: wa kabaza, mlongo wanu, wogulitsa matemba. Poyamba zimitsani mawu muwafunse kuti aona chiyani, chifukwa m'mashopu ndi m'malo odyera TV imayaka pakati pa phokoso. Kenako aonerenso ndi mawu. Akafunsa kuti “ndiye akugulitsa tiyi kapena?” dziwani kuti botolo lachedwa kutulukira. Ifeyo zinatichitikira, tinalibweretsa pa bokosi lachinayi m'malo mwa lachisanu ndi chiwiri.

Musanayambe kujambula kwenikweni

Eni malonda avomereze animatic polemba, ngakhale pa WhatsApp, kuti mawa pasadzakhale “sitinagwirizane choncho”. Funsani ku wailesi ya kanema komwe mukapereke, kaya ndi MBC, Times kapena Zodiak, mtundu wa fayilo yomwe amalandira. Dzina ndi nambala zisakhale m'mphepete mwenimweni, TV zina zimadula m'mbali. Ngati malondawo adzaikidwanso pa Facebook kapena pa WhatsApp, pomwe vidiyo nthawi zambiri imaima choongoka, zofunika zonse zikhale pakati. Mapulogalamu aulere ojambulira katuni alipo: Krita ndi OpenToonz pa kompyuta, FlipaClip pa foni.

Animatic yathu yoyamba inatuluka masekondi 34. Bokosi lomwe ndinkalikonda kwambiri linali la mnyamata wa njinga yodzaza zinanazi akutsetsereka ku Likhubula, chimodzi chikugwa n'kugubuduka. Linali la masekondi anayi ndendende ndipo silinkanena kanthu za juwisi. Amayi aja analichotsa ine ndili pomwepo, pepala lake lidakali m'kope mwanga.