Momwe mungagulire makobidi akale pa okushoni ya pa intaneti muli ku Lusaka

Makobidi akale a dziko lino ambiri sali kuno. Anapita ndi azungu amene ankagwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt ndi m'boma la atsamunda, ndipo lero zidzukulu zawo zikuwagulitsa ku London, ku Johannesburg ndi ku America. Ndiye ngati mukufuna shileni yoyamba ya Zambia ya 1964 imene sinapereseke, kapena peni yobowola pakati ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ija ya njovu ziwiri, mudzaipeza msanga pa okushoni ya pa intaneti kusiyana n'kuyendayenda ku Kabwata Cultural Village kapena pa msika wa Lamlungu ku Arcades. Vuto ndi lakuti pa intaneti mumalipira chinthu chimene simunachigwire, kwa munthu amene simunamuone. Nazi njira zoti mutsate.

Choyamba, lidziweni khobidilo musanaone mtengo wake

Anthu ambiri amaluza ndalama pa sitepe imeneyi, ngakhale wogulitsa asanawanamize chilichonse. Sankhani kagulu kamodzi koti muyambire. Mwina makobidi a chitaganya, amene anayamba kutuluka mu 1955. Mwina a mashileni a Zambia, kuyambira pa ufulu mu 1964 mpaka kwacha itabwera mu Januwale 1968. Kapena mangwee oyamba a nkhope ya a Kenneth Kaunda, kuphatikizapo 50 ngwee ija ya makona 12. Ena a kum'mawa amakonda kuonjezerapo a ku Malawi a nkhope ya a Kamuzu Banda. Kagulu kakachepa, mumafulumira kuzolowera maonekedwe ake, ndipo chachilendo chikabwera diso limakana lokha.

Kenako tsegulani Numista. Ndi kaundula wa makobidi a dziko lonse lapansi, woti aliyense angathe kuona kwaulere. Pa khobidi lililonse amalembapo chitsulo chimene analipangira, kulemera kwake m'magalamu, kukula kwake m'mamilimita ndi zaka zimene linatuluka. Lembani zimenezi m'kabuku.

Taonani chifukwa chake. Pali khobidi lalikulu la mashileni 5 la 1965, lokumbukira kuti patha chaka Zambia ilandirire ufulu. Ndi loyera, lolemera bwino m'manja, ndipo ogulitsa ena amalilemba kuti ndi la siliva. Koma amene amapezeka kawirikawiri ndi a kopa wosakaniza ndi nikelo. Amene sanafufuze amalipira mtengo wa siliva pa chitsulo wamba. Palinso makobidi ambirimbiri olembedwa dzina la Zambia, a 1000 kwacha kapena 5000 kwacha, amene sanagwirepo ntchito pa msika uliwonse kuno. Anapangidwa kunja kuti agulitsidwe kwa osonkhanitsa basi. Ena mwa iwo ndi a siliva weniweni, monga a njovu amene anatuluka pa dzina la Zambia kuyambira 1999 mpaka 2003 asanasamukire ku dzina la Somalia. Ena ndi ongokutidwa kunja. Pa chithunzi onse amawala mofanana.

Chachiwiri, sankhani malo ogulira

eBay ndi imene ili ndi katundu wambiri, wabwino ndi woipa pamodzi. Bob Shop ya ku South Africa, imene kale inkatchedwa bidorbuy, imakhala ndi makobidi ambiri a chigawo chino, koma si ogulitsa onse amene amatumiza kunja kwa dziko lawo. Catawiki ndi ya ku Netherlands, ndipo ili ndi akatswiri amene amaona katundu asanamuike pa okushoni. Heritage Auctions ya ku Dallas ndi ya zinthu zodula, ndipo woyamba kumene angoigwiritsa ntchito poonera mitengo. Musanachite chilichonse, onani ngati wogulitsa amatumiza ku Zambia. Ngati sanalembe, mufunseni.

Magulu a pa Facebook ndi WhatsApp ndi nkhani ina. Kumeneko kulibe woima pakati. Mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo munthu n'kuzimitsa foni, chotsala ndi kukadandaula ku polisi ndi ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, koma kubweza ndalama kumavuta. Ngati wogulitsa ali mu Lusaka momwemo, kumanani masana pa malo a anthu ambiri monga ku Manda Hill kapena ku Levy, muone khobidi, muliyeze, kenako mulipire. Ndipo aja olengeza kuti akugula mangwee akale pa mamiliyoni bola muyambe mwalipira ya kalembera, asiyeni adutse. Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa.

Chachitatu, mufufuzeni wogulitsa

Apa m'pofunika kudekha. Pa eBay wogulitsa aliyense ali ndi mbiri ya ndemanga za amene anagulapo kwa iye. Musangoona peresenti ya ndemanga zabwino yokha. Tsegulani ndemanga zoipazo muwerenge. Kuchedwa kwa positi si mlandu waukulu. Koma mukaona anthu awiri atatu akunena kuti analandira khobidi losiyana ndi la pa chithunzi, tulukanimo. Onaninso zimene wakhala akugulitsa. Munthu amene mbiri yake yonse ndi ya makava a foni, lero mwadzidzidzi ali ndi makobidi a golide khumi, sindingamupatse ngakhale ngwee imodzi.

Zithunzi zikhale za khobidi lenilenilo, mbali zonse ziwiri, ndipo ngati n'kotheka ndi m'mphepete momwe. Makobidi abodza ambiri amachita kuumbidwa m'chikombole, ndiye zilembo zake zimakhala zofufuma ngati zasungunuka, pamwamba pamakhala timabowo ting'onoting'ono, ndipo m'mphepete nthawi zina mumaoneka mzere pamene mbali ziwiri zinakumana. Kulitsani chithunzi pa foni muone tsitsi, zilembo ndi manambala a chaka. Ngati wogulitsa ali ndi makobidi asanu a mtundu umodzi koma chithunzi n'chimodzi chomwecho, simukudziwa limene adzakutumizireni. Mupempheni aliike pa sikelo ajambule. Woona mtima sakwiya ndi pempho lotere. Werenganinso mawu onse mpaka pansi, chifukwa ena amabisa liwu loti copy kapena replica, kutanthauza kuti si lenileni, kumapeto kwenikweni.

Makobidi odula amabwera atatsekeredwa m'kabokosi ka pulasitiki ndi makampani oyeza monga NGC ndi PCGS. Iwo amapereka giredi kuyambira 1 mpaka 70, ndipo 70 ndi lopanda chilema chilichonse. Pa kabokosipo pamakhala nambala. Ilembeni pa webusaiti ya kampaniyo muone ngati zimene zatuluka zikugwirizana ndi zimene akukugulitsani, chifukwa akuba anaphunzira kupanganso timabokosi tabodza. Koma pa mangwee wamba musavutike kufuna kabokosi. Mtengo woyezetsa umaposa mtengo wa khobidi.

Chachinayi, werengerani mtengo wofikira ku Lusaka

Mtengo umene munthu walemba pa katundu wake sukuuzani kanthu. Aliyense angathe kulemba kuti 1 ngwee yake ndi madola 500. Chofunika ndi mtengo umene anthu analipiradi. Pa eBay sankhani pamene palembedwa Sold items, muone makobidi a mtundu womwewo, chaka chomwecho, operesekanso mofanana, amene anagulidwa posachedwapa. Mudzadabwa kuona kuti makobidi ambiri a Zambia amene anagwira ntchito m'manja mwa anthu ndi otsika mtengo kwambiri, chifukwa anapangidwa ochuluka. Kukalamba kokha sikukweza mtengo. Chimakweza ndi kusowa kwake ndi momwe lasungikira.

Tsopano werengerani chobwerera m'mbuyo. Tiyerekeze kuti mwakonzeka kuononga madola 60 pa zonse. Kutumiza kolondoleka ndi nambala mwina kudya madola 20. Makampani a okushoni enieni amaonjezera gawo lawo pamwamba pa mtengo umene mwapambana nawo, ndipo kwina limafika 20 peresenti kapena kuposa. Banki yanu idzasintha kwacha pa reti yakeyake, osati imene mwaona pa Google, n'kudulaponso kena. Phukusi likafika, a ZRA angathe kufuna msonkho, ndipo VAT kuno ndi 16 peresenti. Mukachotsa zonsezi mupeza kuti malire anu enieni pa okushoni ali cha m'ma 30, osati 60. Lembani nambala imeneyo papepala musanalowe. N'chifukwa chake kuitanitsa khobidi limodzi lotchipa kulibe phindu. Ndi bwino kugula angapo kwa wogulitsa mmodzi n'kumupempha awaike m'phukusi limodzi.

Chachisanu, kuponya mtengo

Pa eBay simufunika kukhala maso usiku wonse. Mumalemba mtengo wanu womaliza, ndipo kompyuta imakukwezerani pang'onopang'ono pokhapokha wina akakupitirirani, mpaka kufika pa malire anuwo. Ngati wopikisana nanu anaimira pa madola 18, inu mudzalipira pang'ono pamwamba pa 18 ngakhale munalemba 30. Izi zimathandiza kwambiri kuno, chifukwa okushoni yotseka madzulo ku America imatseka pakati pa usiku kapena mbandakucha ku Lusaka, ndipo magetsi kapena bandulo zingakuthereni pa mphindi yomaliza. Za ku Johannesburg n'zosavuta, nthawi yathu ndi imodzi.

Pali ena amene amadikira masekondi omaliza kuti anzawo asapeze mpata wobwezera. Pa eBay n'zololedwa, ndipo zimagwira ntchito chifukwa nthawi ikakwana okushoni imatseka basi. Pa Catawiki wina akaponya mtengo kumapeto nthawi imaonjezeredwa, ndiye njirayi siipindula.

Mtima ndi umene umapweteketsa. Wina akakupitirirani ndi dola imodzi mumamva ngati wakulandani chanu, n'kuyamba kulimbana naye mpaka mwaiwala pepala lija. Musiyeni atenge. Shileni ya 1964 idzabweranso mwezi wamawa. Dziwaninso kuti mukapambana mwalonjeza kugula, ndipo kuthawa kulipira kumaipitsa akaunti yanu. Mukaluza, kenako n'kulandira uthenga pa imelo kapena pa WhatsApp wakuti wopambana wathawa ndiye mutenge ndinu, musayankhe pomwepo. Lowani mu akaunti yanu muone ngati uthengawo ulimodi.

Chachisanu ndi chimodzi, kulipira ndi kutumiza

Lipirani mkati mwa webusaiti momwemo, ndi khadi la Visa kapena Mastercard. Funsani kaye ku banki yanu ngati khadilo ndi lotsegulidwa kugulira kunja, ndipo ndi nzeru kugwiritsa ntchito akaunti imene mumangoikamo ndalama zogulira zokha. Wogulitsa akati akuchotserani mtengo mukatumiza pa Western Union kapena molunjika ku banki yake, akukutulutsani m'chitetezo cha webusaitiyo. Kanani.

Sankhani kutumiza kokhala ndi nambala yolondolera phukusi. Positi wamba kudzera ku Zampost ndi yotchipa koma imafuna kuleza mtima. Ya makampani monga DHL ndi yodula koma yachangu, ngakhale ena mwa makampaniwa ali ndi malamulo oletsa kunyamula golide ndi siliva, ndiye funsani. Anthu ambiri mu Lusaka amagwiritsa ntchito makampani amene amakupatsani adiresi ya ku UK kapena ku America n'kukubweretserani katundu kuno. Zimathandiza pamene wogulitsa satumiza ku Zambia, koma dziwani kuti kwa eBay katundu akafika pa adiresi imeneyo ndiye kuti wafika kwa inu. Zikasokonekera pakati pa kumeneko ndi Lusaka, chitetezo chawo nthawi zambiri sichikukhudzani. Musamupemphenso wogulitsa kuti alembe mtengo wabodza pa fomu ya kasitomu. Ndi mlandu, komanso phukusi likasowa adzakubwezerani potengera mtengo wabodzawo.

Kachenjezo kena kapadera: pa intaneti pamapezekanso mitanda ya kopa imene makolo ankagulitsirana, yofanana ndi imene inafukulidwa ku Ingombe Ilede kufupi ndi mtsinje wa Zambezi. Zinthu zofukulidwa pansi m'dziko muno zimatetezedwa ndi lamulo, ndipo amene amaziyang'anira ndi a National Heritage Conservation Commission. Musagule kapena kutumiza kunja chinthu chotere musanawafunse.

Phukusi likafika

Jambulani vidiyo pamene mukulitsegula, kuyambira lisanang'ambidwe. Gwirani khobidi m'mphepete, osati pankhope. Liikeni pa kasikelo ka digito koyeza mpaka 0.01 galamu, kofanana ndi kamene amagwiritsa ntchito osula ndolo ndi mphete, muyerekeze ndi zimene munalemba m'kabuku. Krugerrand yathunthu, khobidi la golide la ku South Africa, mwachitsanzo, imalemera magalamu 33.93, ndipo ikasiyana ndi galamu yathunthu pali vuto. Yesaninso ndi maginito: golide ndi siliva sizikokedwa. Koma musathamangire kuweruza, chifukwa makobidi ena enieni a Zambia, monga amene anabwera ndi kwacha yochotsedwa maziro atatu mu 2013, ndi achitsulo chokutidwa ndipo amamatirira maginito.

Ngati sizikugwirizana, tsegulani dandaulo mkati mwa webusaiti tsiku lomwelo, ndi zithunzi za sikelo. Pa eBay nthawi zambiri muli ndi masiku 30 kuchokera pamene katundu wafika. Musalole kuti wogulitsa akuchedwetseni ndi malonjezo mpaka masikuwo atha.

Ngati zonse zili bwino, musalitsuke. Brasso, phulusa, mandimu, zonsezi zimakanda nkhope ya khobidi, ndipo osonkhanitsa akaona kuwala kwachilendoko amatsitsa mtengo nthawi yomweyo. Kuda kumene labwera nako kusiyeni. Lisungeni m'kapepala kake kapena m'kabokosi kouma, kutali ndi chinyezi cha nyengo ya mvula, ndipo pewani timatumba ta pulasitiki wofewa wa PVC chifukwa pakapita nthawi timasiya zobiriwira pa chitsulo. Risiti, dzina la wogulitsa ndi mtengo umene munalipira zikhale m'kabuku komwe kaja, chifukwa tsiku lodzagulitsa wogula adzakufunsani kumene munalitenga.