Momwe mungalembere nkhani zanu pakhomo pali ana, geni ndi zochitika za pamudzi

Kuno ku Mangochi kuli anthu ambiri aluso lolemba ndakatulo, nthano ngakhalenso masewero a pa wailesi, koma ukawafunsa kuti buku lija lili pati amangoti nthawi ikusowa. Ndipo sakunama ayi. Ana akufuna phala asanapite ku sukulu, geni ya usipa ikudikira kumsika, apongozi akudwala ku Namwera, Loweruka kuli ukwati kwa Mpondasi, ndiye kulembako kulowe pati? Zimatheka ndithu, bola muzitsate bwino.

Choyamba khalani pansi ndi akunyumba kwanu muwauze zomwe mukuchita. Apa ndi pomwe ambiri amalumpha, koma ine ndimaona kuti nkhani yonse yagona pamenepa. Mwamuna kapena mkazi wanu akamangokuonani mwawerama pa foni usiku onse osadziwa kuti mukutani, aganiza kuti mukucheza ndi chibwenzi pa WhatsApp basi, mawa lake pakhomo pamakhala chimkangano choti ngakhale mzere umodzi simungalembe. Auzeni poyera kuti "bambo a ana, ndikulemba nkhani, ndikupempha ola limodzi patsiku", kapena "mayi a ana, ola limeneli ndiloleni ndikhale pandekha". Muwawerengereko ndime imodzi amve. Munthu akaimva nkhaniyo amayamba kuiona ngati yakenso, mpaka amathamangitsa yekha ana akamasokosa.

Mukagwirizana, sankhani nthawi imodzi ndipo ikhale yomweyo tsiku lililonse. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, mu Okutobala ndi Novembala masana mutu sugwira ntchito, ndiye m'bandakucha ndi momwe mumakoma. Anzathu achisilamu amene amadzuka kale kukaswali atha kungopitiriza akabwerako, kusanayambe phokoso. Koma kwa amayi ambiri m'mawa muli kusesa, kutunga madzi ndi kusambitsa ana, choncho bwino kudikira anawo anyamuke kapena usiku akagona. Ndipo abambo tamverani, ngati mayi akunyumba ndi amene amalemba, kuwauza kuti lembani koma mwana ali kumsana, mbale zili mbwee pabwalo, sikuwathandiza kumeneko. Tengani mwanayo mukayende naye, nsima ya tsiku limodzi muphike ndinu, simungafe nazo.

Chachitatu ndi zida, apa sipofunika zambiri. Kope ndi cholembera zisamachoke m'chikwama poti magetsi akathima izi sizifuna chaji. Ganizo likakubwererani muli mu minibasi yopita ku Monkey Bay kapena mukudikira makasitomala, lembani pomwepo kapena dzijambuleni mawu pa foni mudzalembe madzulo. Amene mumalembera pa foni, pulogalamu yolembera ya Google Docs mutha kulembamo ngakhale bandulo itatha, imadzasunga pa intaneti mukayatsa data, ndiye foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi ntchito yanu siitayika. Nthawi yolemba ikakwana zimitsani data, Facebook idikire.

Kenako pali za pamudzi. Maliro sakanidwa, ndipo musayerekeze kujomba kumanda chifukwa cha nkhani, anthu sadzaiwala. Chomwe mungachite ndi kusiya mpata. Mkonzi akati nkhani ifike Lachisanu, inu mumtima mwanu ikani Lachitatu, kuti zovuta zikagwa mukhale mutamaliza kale, ndipo zikakanika muimbireni msanga osadikira kuti akufunefuneni. Miyezi ya zinamwali, ya Ramadan kapena yolima, musalonjeze ntchito yaikulu. Koma sikuti chilichonse ndi udindo ayi. Bawo ya pansi pa mtengo, mpira wa ku video show, magulu a WhatsApp ongotumizirana zithunzi, izi ndi zomwe zimadya ola lanu lija, osati ana.

Za ndalama tinene mosabisa. Musasiye ntchito kapena geni chifukwa nkhani yanu yatuluka kamodzi, kulemba pa Malawi pano sikudyetsa banja msanga. Yambani ndi kutumiza ku masamba a Chichewa ngati Tamvani ya mu Weekend Nation kapena Tikambe ya mu Malawi News, yesaninso mawailesi omwe tili nawo konkuno ngati Dzimwe ndi Radio Maria, koma funsani kaye ngati amalipira, zingati komanso liti. Lowani nawo bungwe la alembi la MAWU kuti muzimva za mipikisano, ndipo buku likatuluka kalembetseni ku COSOMA komwe amayang'anira za umwini wa ntchito zaluso. Kandalama kakalowa pa Mpamba kapena Airtel Money, ngakhale kochepa bwanji, kaonekere pakhomo. Gulani shuga, sopo kapena makope a ana ndipo munene kuti izi zachokera ku nkhani ija. Anthu amene anakupatsani ola lawo ayenera kulawako.

Chomaliza, samalani ndi zomwe mukutenga m'nyumba kupita nazo pa pepala. Mkangano wa inu ndi alamu anu utha kukhala nkhani yokoma zedi, koma Mangochi anthu timadziwana, kungosintha dzina sikokwanira. Sinthani mudzi, ntchito ya munthuyo ndi momwe zinathera, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza mkazi kapena mwamuna wanu, ayambe waiwerenga iyeyo musanaitumize kulikonse.