Kukagona mu tenti ku Nyika m'chilimwe

Anzanga a kuno ku Mzuzu, ngati mukufuna kukagona mu tenti ku Nyika, pitani mu Okutobala mvula isanayambe. Ikagwa, msewu wafumbi wopita ku geti la Thazima umasanduka matope okhaokha.

Kutentha kwa m'tauni kusakunamizeni. Ku Chelinda, malo ogona alendo mkati mwa Nyika, n'kokwera kupitirira mamita 2,000, ndipo usiku mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Ine ndimanyamula jekete lakaunjika, mabulangete awiri, ndi mkeka woyala pansi, chifukwa kuzizira kwenikweni kumachokera m'nthaka.

Mafuta thirani okwanira konkuno, mukaonjezere ku Rumphi. Ufa, usipa, mchere ndi tochi musaiwale, machesi muwakulunge m'jumbo. Tentiyo muyambe mwaiimika pakhomo panu, muone ngati zikhomo ndi zingwe zonse zilipo.