Fielder, Probox kapena Caldina: mmene mungasankhire injini pogula siteshoni wagoni yakale

Magalimoto awiri a Toyota Fielder akhoza kufanana utoto, chaka ndi mipando, koma mukatsegula boneti n'kupeza injini zosiyana kotheratu. Imodzi makaniko aliyense wa ku Ndirande kapena ku Biwi amaidziwa bwino ndipo sipeya zake zili paliponse, inayo ikadwala galimoto ikhala pa mawe mwezi wathunthu kudikira kachipangizo kochokera ku Dubai kapena ku Johannesburg. Ogulitsa ambiri amangolemba kuti "Fielder 2010" basi. Ndiye musanafunse mtengo, funsani nambala ya chasesi.

Magalimoto ochokera ku Japan amadziulula okha pa nambala imeneyi. Zilembo ndi manambala oyambirira amatchula injini. Pa Fielder, NZE121, NZE141 ndi NZE161 zonse zili ndi injini ya 1NZ-FE ya 1500cc. ZZE122 ndi ya 1ZZ-FE ya 1800cc. ZRE142 ndi ZRE162 ndi za banja la 2ZR, za 1800cc. NKE165 ndi hayibulidi, yoyendera petulo ndi magetsi a batire. Nambala ikathera ndi 4, monga NZE124, NZE144 kapena NZE164, ndiye kuti imakoka ndi matayala onse anayi. Pa Probox, NCP50 ndi 1300cc, NCP51 ndi 1500cc, ndipo NLP51 ndi ya dizilo. Yang'anani kachitsulo ka fakitale komwe kamakhala pansi pa boneti kapena pa mzati wa chitseko, kenako muyerekeze nambala yodindidwa pa injini ndi yomwe ili mu bluubuku. Zikasiyana, injini inasinthidwa. Kusintha injini si mlandu, koma mapepala a ku Road Traffic ayenera kusonyeza zimenezo, apo ayi vutolo ligwera inu posintha umwini.

Kwa anthu ambiri yankho ndi 1NZ-FE, ndipo palibe chifukwa chozungulira. Injini imeneyi ndi ya 1496cc, imatulutsa mphamvu pafupifupi 110 hp, ndipo imayendera tcheni m'malo mwa lamba wa tayimingi, choncho palibe za kusintha lamba pakapita makilomita akutiakuti. Imalowa oyilo malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Ubwino wake waukulu suli mu mphamvu ayi, uli mu kuchuluka kwake: injini yomweyi ili mu Probox, Sienta, Ractis, IST, Allion ndi Premio za 1500cc. Makoyilo, mapulagi, pampu ya madzi, ngakhale injini yathunthu yogwirapo ntchito, zonsezi zimapezeka ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Chenjezo limodzi: 1NZ ya chaka cha 2003 ndi ya 2013 sizifanana zonse. Mawaya, masensa ndi throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini) zinasintha pakati apo, ndiye pogula injini yolowa m'malo tengani ya m'badwo womwewo.

Mavuto ake ndi odziwika ndipo pafupifupi onse amachokera ku oyilo. Oyilo akamakhalitsa osasinthidwa, kapena akamathiridwa wolemera kwambiri ngati wa mathiraki, tinjira tamkati timatsekeka, giya ya VVT-i (yosintha nthawi yomwe mavavu amatsegukira) imayamba kulira kakaka poliza m'mawa, ndipo tcheni imatalika. Yosamalidwa bwino imadutsa makilomita 300,000 osamasulidwa.

Ya 1300cc, 2NZ-FE ya mu Probox, imakopa chifukwa chotsika mtengo, koma ganizirani komwe tikukhala. Injini yopanda tebo (kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse okwera kuchoka pa nyanja yamchere, chifukwa mpweya umapepuka. Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000, Dedza ili pamwamba kuposa apo. Ndiye kainjini komwe kanali kochepa kale mphamvu kamafika kuno katataya gawo limodzi mwa magawo khumi. Ikani matumba asanu a chimanga ku buti ndi anthu anayi, mukwere Chiweta kapena Khwekhwerere, mudzapondereza mpaka pansi ndipo mafuta omwe mumafuna kupulumutsa adzathera pomwepo. Ya 1300cc ndi ya ntchito zopepuka za m'tauni. Ya katundu ndi maulendo aatali, tengani 1500cc.

Nanga 1800cc? Apa mpofunika kusiyanitsa mitundu itatu. 1ZZ-FE ya mu Fielder za 2000 mpaka 2006 imakoka bwino, koma zopangidwa chisanafike chaka cha 2005 zimadziwika ndi kudya oyilo. Timabowo tobwezera oyilo pa mapisitoni ndi tating'ono, timatsekeka ndi mwaye, malingi n'kumatirira, oyilo n'kumapsera limodzi ndi petulo. Kuchiza kwake n'kugwetsa injini, kuyeretsa kapena kusintha mapisitoni ndi kuika malingi atsopano. Mankhwala a m'botolo sathandiza kwenikweni. 2ZR-FE, yomwe inabwera ndi Fielder ya 2006, ndi yabwino kwambiri: 136 hp, tcheni, oyilo malita 4.2. Chofooka chake ndi pampu ya madzi yomwe imayamba kudontha, ndipo mudzaona zoumirira zofiirira pambali pa injini. Ndi ntchito yosavuta. Kuyambira 2010 kunabwera 2ZR-FAE yokhala ndi Valvematic, kamota kowongolera mmene mavavu amatsegukira. Imasunga mafuta, inde, koma kamotako kakafa galimoto imayatsa nyali ya injini n'kufooka, ndipo n'kodula komanso kosowa. Pa zitatuzi, amene amayenda mitunda italiitali atanyamula asankhe 2ZR-FE.

Musaiwale msonkho. MRA imawerengera msonkho wa galimoto yochokera kunja poyang'ana zaka zake ndi kukula kwa injini, ndipo kudumpha kuchoka pa 1500cc kupita pa 1800cc kumasintha ndalama yolipira. Funsani kaye kwa ejenti wochotsa katundu musanalipire galimoto ku Japan, osati ikafika kale pa Songwe kapena pa Mwanza.

Hayibulidi ya Fielder, NKE165, inayamba mu 2013 ndipo ili ndi injini ya 1NZ-FXE monga ya Toyota Aqua. Pa mayeso a ku Japan inalembedwa kuti imayenda makilomita 33 pa lita. Pa misewu yathu sifika pamenepo, komabe imamwa pang'ono kwambiri, makamaka m'tauni momwe mumaima pafupipafupi. Aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta akudziwa phindu lake. Funso lonse lagona pa batire. Ndi la mavoti 144, lili ndi zigawo 20, ndipo limakhala pansi pa mpando wakumbuyo. Limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa mkati mwa galimoto, ndiye fumbi la misewu yathu limatseka kafaniko, batire n'kumatentha n'kufa msanga. Musagule hayibulidi osailumikiza ku kompyuta yowerenga mavoti a chigawo chilichonse. Kompyutayo ikaonetsa kodi (nambala ya vuto) ya P0A80, ndiye kuti batire latha. Poyesa, yang'anani kachithunzi ka batire pa dashibodi: likamadzaza msanga n'kutsikanso msanga, ndipo injini ikumangolira osapuma mutaima, latopa. Kusintha chigawo chimodzi chokha sikukhalitsa chifukwa zinzake zakalamba limodzi. Ngati mukukhala kutali ndi amakaniko odziwa magetsi a hayibulidi, 1NZ-FE wamba ikupatsani mtendere.

Za dizilo tidutsepo mwachangu. 3C-E ya 2200cc ya mu Fielder zoyambirira ili ndi lamba wa tayimingi ndipo mutu wake umatha kung'aluka ikawira. Zatsala zochepa ndipo zakalamba. 1ND-TV ya mu Probox imasunga mafuta koma ili ndi tebo ndi mainjekita osalola dizilo wa m'zigubu wosakanikirana ndi madzi kapena palafini. Mainjekita anayi akafa, ndalama yake imadya zonse zomwe munapulumutsa.

Pali injini ziwiri zomwe ogula ayenera kulowamo maso ali otsegula. Yoyamba ndi 1AZ-FSE ya 2000cc ya mu Caldina za 2002 mpaka 2007, yolembedwa D-4 pachivundikiro. Imapopera petulo molunjika mu silinda, choncho palibe chotsuka mavavu olowetsa mpweya. Mwaye umaunjikana, injini imanjenjemera poima, imazima pa mphambano, ndipo pampu yake yokankha petulo mwamphamvu imatha kudonthezera petulo mu oyilo. Nunkhizani dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo: ikamanunkha petulo ndipo oyilo wakwera kupitirira chizindikiro, isiyeni. Caldina ya 1800cc ndi yosavuta kusunga. Yachiwiri ndi EJ20 ya Subaru Legacy. Ndi galimoto yokoma pa msewu ndipo imagwira bwino m'matope, koma ili ndi lamba wa tayimingi wofunika kusintha pa makilomita 100,000, pamodzi ndi mapule, tenshona ndi pampu ya madzi. Pa injini zambiri za mtundu umenewu lamba akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni. Ku Japan amamata kapepala pachivundikiro kosonyeza makilomita omwe lamba anasinthidwa; kakapanda kuoneka, werengerani ntchito imeneyi mu mtengo wogulira. Ya tebo imafuna petulo wabwino ndi oyilo wa pamwamba nthawi zonse. Nissan Wingroad ndi AD za HR15DE zili ndi injini yabwino ya tcheni, koma kawirikawiri chomwe chimafa ndi giyabokosi ya CVT, otomatiki yoyendera lamba wachitsulo m'malo mwa magiya.

Ndipo injini simaisankha payokha, imabwera ndi giyabokosi yake. Fielder za 2000 mpaka 2006 zili ndi otomatiki wamba ya magiya anayi, yolimba ndi yopirira. Kuyambira 2006 zambiri ndi CVT, yomwe imafuna mafuta akeake, Toyota CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi chaka, ndipo ya Nissan NS-2 kapena NS-3. Wina akathiramo ATF, mafuta a otomatiki wamba, lamba wachitsulo wamkati amayamba kuterera ndipo bokosi limatha. Funsani mwiniwake dzina la mafuta omwe anathira, akamadodoma, chenjerani. Zokoka ndi matayala anayi zimamwa mafuta ochulukirapo ndipo sipeya za kumbuyo kwake n'zosowa, ndiye zitengeni pokhapokha ngati msewu wa kwanu umavutadi nthawi ya dzinja.

Mukasankha mtundu, chatsala n'kuyesa injini yomwe ili patsogolo panu, chifukwa 1NZ yozunzidwa imaposedwa ndi 2ZR yosamalidwa. Pitani m'mawa, muuze wogulitsa asailize. Gwirani boneti ndi paipi ya rediyeta: zikakhala zofunda, anaitenthetsa kale kuti ibise phokoso. Injini ili yozizira, tsegulani chivundikiro cha oyilo muunike mkati ndi tochi. Zitsulo ziyenera kuoneka zoyera kapena zachikasu pang'ono. Phala lakuda lomata ndi chizindikiro cha oyilo wosasinthidwa, ndipo thovu loyera ngati chambiko ndi madzi osakanikirana ndi oyilo. Tsegulaninso rediyeta. Madzi a Toyota amakhala apinki kapena ofiira. Mukapeza madzi a pampopi a dzimbiri, kapena mutapeza kuti thermostat (kavavu kowongolera kutentha kwa injini) anaichotsa, chenjerani: mwina galimotoyi inawirapo ndipo wina anabisa vuto m'malo molikonza.

Tembenuzani kiyi osaliza, muone ngati nyali ya injini ndi ya oyilo zikuyaka. Nyali yosayaka konse ndiye kuti anaichotsa babu kapena kuimata. Kenako lizani wina ataima kumbuyo. Kulira kakaka kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kutha kumaloza giya ya VVT-i. Kukapitirira ndi tcheni. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Woyera wokhuthala wosatha injini itatentha, wonunkhira motsekemera, ndi gasiketi ya mutu. Wakuda ndi petulo wochuluka, kawirikawiri sensa ya mpweya kapena ya oksijeni. Chivundikiro cha rediyeta chili chotsegula pa injini yozizira, thovu lotuluka mosalekeza likutsimikiza za gasiketi. Musatsegule rediyeta injini itatentha, madziwo amawotcha koopsa.

Lumikizani kompyuta ya OBD, yowerenga makodi a mavuto a galimoto. P0301 mpaka P0304 ndi silinda yosawotcha bwino, nthawi zambiri koyilo kapena pulagi, ndipo n'zotsika mtengo. P0171 ndi mpweya wolowera pena kapena sensa yakuda. P0016 imaloza tcheni yotalika. P0420 imakhudza catalytic converter, chosefera utsi cha pa paipi ya ekizozi, yomwe ena amaichotsa n'kugulitsa galimoto ili pa njira kuchokera ku doko, ndiye suzumirani pansi muone ngati paipi ya ekizozi inaotcheredwa chatsopano. Kompyuta ikapanda kupeza kodi iliyonse koma ikusonyeza kuti mayeso ake amkati sanamalizidwe, ndiye kuti wina wangofufuta kumene. Yendetsani makilomita 20 muwerengenso.

Pa ulendo woyesawo pezani chitunda, muyatse eyakoni, mukhale anthu atatu kapena anayi. Singano kapena nyali ya kutentha isasinthe, ndipo mafani a rediyeta aziyaka ndi kuzima okha. Potsika, chotsani phazi kwa masekondi angapo kenako mupondenso: utsi wabuluu ukatuluka pamenepo, masilo a mavavu kapena malingi atha. Ngati mtengo ndi waukulu, lipirani makaniko ayeze kompuresheni, mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda. Masilinda onse anayi ayenera kuyandikana, osasiyana kuposa bar imodzi. Awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yapsa pakati pawo.

Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha. Pemphani pepala la okushoni ya ku Japan, muyerekeze ndi timapepala ta sevisi tomatidwa pa chitseko kapena pansi pa boneti, komanso kutha kwa chiwongolero ndi mapedulo. Probox zambiri zinali za makampani ndipo zinayenda kwambiri, koma zimasinthidwa oyilo pa nthawi yake, choncho ya makilomita 180,000 yoyera mkati ndi yabwino kuposa ya 70,000 yodzaza phala. Mukagula, musadikire: sinthani oyilo ndi fyuluta, muthire wa 5W-30 woyenera injini zimenezi, sinthani fyuluta ya mpweya, madzi a rediyeta ndi mafuta a giyabokosi, ndipo mulembe makilomita a tsiku limenelo kuti sevisi yotsatira idzachitike pakatha makilomita 5,000.