Momwe mungalembere mbiri ya nthambi ya gulu la atsikana a pa koleji

M'makoleji a ku America muli magulu a atsikana otchedwa sorority, omwe munthu amalowa ali wophunzira n'kukhalabe membala mpaka ukalamba. Magulu ambiri otere ali ndi nthambi m'makoleji osiyanasiyana, ndipo nthambi iliyonse imasunga mbiri yakeyake. Kwathu kuno mwambo umenewu kulibe, koma amayi amene anaphunzira zauphunzitsi ku St Joseph's ku Bembeke, kapena amene anadutsa pa sekondale ya atsikana ya Mlanda ku Ntcheu, akafuna kulemba mbiri ya gulu lawo la ophunzira akale angatengepo nzeru pa momwe anzawo akunjawo amachitira.

Yambani ndi tsiku, malo ndi mayina a oyambitsa. Gulu la Alpha Kappa Alpha, limodzi mwa magulu a ku America aja, limadziwa bwino lomwe kuti linayamba pa 15 January 1908 pa Howard University mumzinda wa Washington, ndiponso kuti amene anabweretsa ganizoli anali wophunzira wina dzina lake Ethel Hedgeman. Inunso musakhutire ndi mawu akuti "tinayamba kalekale". Funsani kwa mlembi woyamba buku la maminitsi, kwa msungichuma kaundula wa zopereka ndi malisiti, ndipo ngati ena mwa iwo anatisiya, pitani kubanja kwawo mwaulemu, chifukwa mapepala otere nthawi zambiri amakhala ali m'sutikesi momwe chiswe ndi chinyezi cha ku Dedza zikuwadya pang'onopang'ono. Tsamba lililonse lijambuleni ndi foni musanalibweze. Polemba mayina, ikani dzina la kusukulu pamodzi ndi la pabanja, apo ayi mayi mmodzi adzawerengedwa ngati anthu awiri.

Mukatero, kachezeni ndi amayi achikulire, ndipo pamenepa ndi pofunika kudekha kwambiri. Musawaitanire pamodzi poyamba, popeza pagulu amene anali wapampando ndiye amayankhula ndipo ena amangovomereza. Pitani kwa aliyense payekha, mupemphe chilolezo chojambula mawu, ndipo mutenge zithunzi zakale, chifukwa chithunzi chimakumbutsa munthu zimene funso silingakumbutse. M'malo mofunsa kuti "Mayi, gululi linayamba chaka chanji?", funsani kuti "Mayi, pamene munkakumana koyamba, mphunzitsi wamkulu anali ndani, nanga mwana wanu woyamba anali atabadwa?" Anthu ambiri sasunga zaka m'mutu, koma amakumbukira kuti chinthu chinachitika isanafike referendamu ya 1993 kapena pa njala ya 2002, ndipo kuchokera pamenepo chaka chenicheni chimapezeka. Amayi awiri akasiyana pa nkhani imodzi, lembani zonse ziwiri ndi kutchula amene wanena.

Mikangano musaibise. Mu January 1913 atsikana 22 anachoka mu Alpha Kappa Alpha pa Howard pomwepo n'kuyambitsa gulu lina lotchedwa Delta Sigma Theta, ndipo pa 3 March chaka chomwecho anayenda nawo pa zionetsero za amayi ofuna ufulu woponya voti ku Washington. Otsalawo, motsogozedwa ndi Nellie Quander, analembetsa gulu lawo mwalamulo m'mwezi wa January womwewo kuti lisathe. Magulu onse awiri alipo mpaka lero, ndipo mbiri ya lililonse singamveke popanda kugawanikako. Ine ndimaona kuti mbiri yongoyamikira imatopetsa owerenga ndipo mamembala akale saikhulupirira. Komabe nkhani ya ndalama zosowa kapena ya m'banja mwa munthu imafunika umboni wolembedwa, ndipo ngati palibe, ndi bwino kuisiya kusiyana ndi kuipitsa dzina la munthu amene sangadziyankhire.

Samalani kusiyanitsa ntchito za nthambi yanu ndi za gulu lonse. Ngati nthambi ya ku Lilongwe ndiyo inagula mabedi a ku hositelo, nthambi ya ku Ntcheu isadzitamandire nazo.

Pofotokoza zimene gulu lasiya, pewani mawu okoma opanda chogwirika. Alpha Kappa Alpha ikamanena za ntchito zake imatchula zipatala zoyendayenda zimene inayamba kutumiza kwa anthu akuda osauka a ku Mississippi mu 1935 motsogozedwa ndi Dr Dorothy Ferebee, komanso mamembala ngati Kamala Harris, amene analowa gululi ali pa Howard ndipo anakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa America mu 2021. Inunso werengani atsikana amene munawalipirira fizi ndi komwe ali lero, mabuku amene munapereka ku laibulale, ndi zimene munayamba koma zinalephereka, pamodzi ndi zifukwa zake.

Mukamaliza kulemba, werengani zonse pamsonkhano wa mamembala kuti akonze zolakwika musanasindikize. Musadalire gulu la pa WhatsApp ngati mosungira, chifukwa foni ikatayika kapena nambala ikasintha zambiri zimapita nayo. Sindikizani makope angapo: lina likhale ku laibulale ya sukulu, lina kwa mlembi amene alipereke kwa womulowa m'malo pamodzi ndi buku la maminitsi, ndipo lina mulitumize ku National Archives ku Zomba.