Momwe mungakhalire namwino wa LPN ku America, ndi komwe ntchitoyi ingakufikitseni

Amalawi ambiri okhala ku America amayambira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba ngati CNA (wothandizira anamwino), kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza odwala. Amene akufuna kukwera osadikira zaka zinayi za digiri amalowera ku LPN (Licensed Practical Nurse), unamwino wa maphunziro a chaka chimodzi kapena chimodzi ndi theka. Ku California ndi ku Texas amati LVN, koma ntchito yake ndi yomweyo. Tinene poyambirira kuti njira imeneyi ndi ya munthu amene ali kale m'dzikomo ndipo ali ndi chilolezo chogwira ntchito. Ndondomeko ya Schedule A, imene imafulumizitsa green card ya anamwino akunja, imakhudza ma RN (Registered Nurse, anamwino a maphunziro apamwamba) osati ma LPN. Choncho ajenti wokulonjezani viza ya LPN muli ku Lilongwe mukayikireni.

Choyamba: fufuzani sukulu musanalipire

Chigawo chilichonse chili ndi bungwe lake loyang'anira anamwino, Board of Nursing, ndipo limasindikiza mndandanda wa sukulu zovomerezeka. Sukulu ikapanda kupezeka pamenepo, simudzaloledwa kulemba mayeso a laisensi, otchedwa NCLEX-PN, kaya munalipira zingati. Mu Januwale 2023 boma la America lidaulula chinyengo cha sukulu zina za ku Florida zomwe zidagulitsa madipuloma abodza a unamwino oposa 7,600, ndipo mabungwe a m'zigawo adayamba kulanda ziphaso za amene adagula. Sukulu yonena kuti simufunika kupita kuwodi, kapena kuti mumaliza m'miyezi itatu, ithaweni.

Onaninso zinthu zina ziwiri. Mabungwe ambiri amasonyeza kuchuluka kwa ophunzira a sukulu iliyonse amene adakhoza mayeso ulendo woyamba. Kenako funsani ngati sukuluyo ili yovomerezedwa ndi ACEN, bungwe lounika maphunziro a unamwino, chifukwa sukulu zina za RN zimayang'ana zimenezi pokulandirani. Makoleji aboma, monga Ivy Tech ku Indiana, ndi otchipa kuposa a anthu wamba, ngakhale malo ake amalimbiranidwa. Muli ndi green card, lembani fomu ya FAFSA yopemphera thandizo la fizi kuboma. Thandizo la Pell Grant, lomwe limapemphedwa kudzera pa fomuyi, silibwezedwa.

Chachiwiri: mapepala ndi zaumoyo

Satifiketi ya MSCE imafunika kuunikidwa ndi bungwe limene kolejiyo yasankha, apo ayi mulembe GED, mayeso olowa m'malo mwa satifiketi ya sekondale ya ku America. Sukulu zambiri zimafuna mayeso olowera a TEAS kapena HESI, okhala ndi masamu, sayansi ndi Chingerezi. Pamwamba pake pali satifiketi ya BLS (thandizo loyamba lopulumutsa moyo), kudinda zala kuti aone ngati mudapalamulapo mlandu, kuyezedwa mankhwala osokoneza bongo, ndi umboni wa katemera. Hepatitis B yekha, pa ndondomeko yanthawi zonse, ndi jakisoni atatu m'miyezi isanu ndi umodzi, ndiye yambani msanga.

Pa TB pali msampha wathu ife obadwira kumudzi. Pafupifupi tonse tidalandira BCG tili makanda, ndipo katemerayu amatha kupangitsa kuti kuyeza kwa pakhungu kusonyeze TB pomwe palibe. Pemphani kuyeza kwa magazi, monga QuantiFERON, kumene BCG sakusokoneza.

Amene adaphunzira kale unamwino ku Malawi, mwachitsanzo ma NMT (Nurse Midwife Technician), asathamangire kuyambiranso. Mabungwe ambiri amafuna lipoti la CGFNS (tsopano TruMerit), bungwe lounika mapepala a anamwino akunja, ndipo mapepala amayenera kuchoka ku koleji yanu ndi ku Nurses and Midwives Council of Malawi mwachindunji, osadutsa m'manja mwanu. Bungwe la chigawocho ndilo limagamula ngati maola anu akukwana.

Chachitatu: chaka cha maphunziro

Miyezi 12 mpaka 18, kalasi ndi kuwodi. Chimene chimagwetsa ambiri si mabuku ayi, ndi maola. Kujomba kuwodi masiku ochepa chabe kumachotsetsa munthu, ndipo amene amagwira ntchito usiku n'kulowa m'kalasi m'mawa amatopa pakati panjira. Konzani ndalama zoti muchepetse mashifiti. Chachiwiri ndi masamu a mankhwala, omwe sukulu zambiri zimafuna kuti mukhoze pafupifupi onse. Dokotala walemba 500 mg, botolo lili ndi 250 mg pa 5 mL, ndiye mupereka 10 mL. N'zosavuta, koma kusokoneza mg ndi mcg n'kulakwitsa ka 1,000. Zolowerani kusintha mapaundi kukhala makilogalamu pogawa ndi 2.2.

Chachinayi: mayeso a NCLEX-PN

Mumalembetsa pawiri: ku bungwe la chigawo kupempha laisensi, ndi ku Pearson VUE, kampani yolembetsa mayesowa, kulipira madola 200 a mayeso. Zonse zikatheka mumalandira kalata ya ATT yokulolani kulemba mayeso, imene imakhala ndi tsiku lothera, nthawi zambiri pakatha masiku 90. Dzina lolembetsera lifanane ndendende ndi la pa chitupa chanu. Kusinthanitsa dzina loyamba ndi la bambo kwabwezetsa anthu pakhomo la mayeso, ndalama n'kupita.

Kuyambira Epulo 2023 mafunso amakhala pakati pa 85 ndi 150, nthawi yake maola asanu. Kompyuta imasankha funso lotsatira malinga ndi mmene mwayankhira, ndipo simungalumphe kapena kubwerera. Ikazima pa 85 sindiye kuti mwalephera. Mafunso ambiri safunsa tanthauzo la matenda koma chimene muyambe kuchita, wodwala amene muyambe kumuona, ndi nthawi yoitana RN. Mukalephera mumadikira masiku osachepera 45 n'kulipiranso.

Ntchito yake yeniyeni

Ma LPN ambiri ali m'nyumba zosamalira okalamba. Ena m'makiliniki, m'makomo mwa odwala ndi m'zipatala. Mumagawa mankhwala, kubaya insulin, kumanga mabala, kuika paipi ya mkodzo, kudyetsa kudzera mu chubu, kuyang'anira ma CNA ndi kulemba zonse. Shifiti imakhala ya maola 8 kapena 12, ndipo sizachilendo namwino mmodzi kukhala ndi okalamba oposa 20. Zolakwa zambiri zimachitika pogawa mankhwala a m'mawa mothamanga. Musadalire nkhope, onani dzina ndi tsiku lobadwa nthawi iliyonse. Mankhwala amphamvu ochepetsa ululu muziwerenga awiriwiri posinthana shifiti, ndipo musasainire chiwerengero chimene simunachione ndi maso anu.

Werengani lamulo la chigawo chanu, Nurse Practice Act. M'zigawo zambiri LPN sayambitsa kuika magazi, sabaya mankhwala ena mwachindunji mumtsempha, ndipo kuunika koyamba kwa wodwala ndi kwa RN. Bwana akakutumani chimene lamulo likukuletsani, kanani mwaulemu ndipo mulembe. Laisensi yomwe idzalandidwe ndi yanu, si yake.

Malipiro ndi njira yokwerera

Ofesi ya Bureau of Labor Statistics idati mu Meyi 2023 malipiro apakati a LPN anali madola 59,730 pachaka, pomwe a RN anali 86,070. Kusiyana kumeneku n'chifukwa chake timalangiza kuti musakhazikike pa LPN. Pali maphunziro olumikiza LPN ndi RN, nthawi zambiri a chaka chimodzi kapena chimodzi ndi theka, kenako mayeso a NCLEX-RN. Anatomy, physiology ndi microbiology muzitenge pang'onopang'ono mukugwira ntchito, koma dziwani kuti makoleji ena salandira sayansi yodutsa zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Pofunsira ntchito, funsani ngati malowo amathandiza kulipira fizi, ndipo muwerenge kuti akumangani zaka zingati mukalandira thandizolo komanso mudzabweza zingati mukachoka nthawi isanakwane.